MANO OIKIRIRA: KODI ZIPANGIZO ZAKE ZILI NDI KANTHU?



Titaulutsa pologalamu ya matenda a m'kamwa tinalandira mafunso ambiri, koma funso limodzi linabwera kambirimbiri. Bambo wina wa ku Ntengo-wa-Mbalame anati anaguluka mano awiri akutsogolo atagwa pa njinga yamoto, ndipo mwana wawo amene ali ku Joni akufuna kuwalipirira mano ena. Mwanayo wawauza kuti asankhe pakati pa a pulasitiki, a chitsulo ndi a dothi. Mayi wina wa ku Chidzolomondo anati mano amene anaikitsa anathyoka pakati atangotha miyezi yowerengeka, ndipo akufuna kudziwa ngati anaberedwa. Pa wailesi nthawi inatichepera. Choncho tati tifotokoze nkhaniyi bwinobwino m'kalata muno kuti muwerenge modekha, ndiponso muwawerengere agogo amene maso anayamba kuwavuta.

Dzino limene munabadwa nalo limasenza bwanji katundu?

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Akaluma ndi mphamvu zake zonse ndi mano a chibwano, katundu amene amagwera pa manowo amafika makilogalamu 50 mpaka 70. Limenelo ndi thumba lathunthu la feteleza, kapena kuposa, litatsamira pa kadzino kochepa ngati njere ya nzama. Nanga bwanji dzinolo silisweka, ndipo fupa la nsagwada siliphwanyika?

Yankho lake mumalidziwa kale inu amayi amene mumasenza ndowa kuchokera kudambo. Simuika ndowa pamutu popanda nkhata. Dzino nalonso lili ndi nkhata yake. Muzu wa dzino sunamatike mwachindunji ku fupa ayi. Pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa ting'onoting'ono tambirimbiri timene timagwira dzinolo. Malo amene timinyewati timakhala ndi opyapyala kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.2. Mukaluma, dzino limatsika pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, kenaka limabwereranso. Kutsikako kumapepukitsa katundu ndi kuugawira fupa lonse lozungulira muzu.

Timinyewati tili ndi ntchito inanso. Timamva. Mukaluma kamwala mu nyemba kapena mu mpunga, nsagwada imaima yokha musanaganize n'komwe. Ndi timinyewa timeneti timene timatumiza uthenga ku ubongo kuti lekani, pali cholimba apa. Sungani mfundo ziwirizi, ya nkhata ndi ya kumva, chifukwa nkhani yonse ya mano oikirira yagona pamenepa.

Dzino likachoka, chimatsatira n'chiyani?

Ambiri timaganiza kuti dzino likazulidwa, nkhani yatha, chatsala ndi gweru basi. Si choncho. Fupa limene linkagwira muzu likaona kuti ntchito yatha limayamba kufota. M'chaka choyamba likhoza kuchepa m'lifupi ndi pafupifupi theka, ndipo kufota kwambiri kumachitika m'miyezi 3 yoyambirira. Mano oyandikana ndi gwerulo amayamba kupendekera pampatapo, ndipo dzino loyang'anizana nalo limatalika chifukwa palibe cholitsekereza. N'chifukwa chake agogo amene mano anatha onse masaya awo amalowa m'kati ndipo chibwano chimaoneka ngati chasongoka.

Vuto si maonekedwe okha. Munthu wopanda mano amasiya kudya nyama, mtedza, chimanga ndi zipatso zolimba, amangodalira phala ndi nsima yofewa, thupi n'kumafooka. Mawu ena satuluka bwino, ndipo ena amasiya kuseka pagulu kapena kuimba kwaya chifukwa cha manyazi.

Njira zitatu zobwezeretsera mano

Njira yoyamba ndi mano ochotsa ndi kubwezera. Achipatala pa Chipwitikizi amati prótese, ndipo anthu ambiri amangoti placa. Mano amenewa amakhala pa kambale kooneka ngati nkhama, ndipo amatsamira pa nkhama zanu. Ena amakhala ndi timawaya tokola mano otsala. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo, imene ambiri a ife tingaikwanitse.

Njira yachiwiri ndi ya mlatho. Dotolo amapala mano awiri a mbali iyi ndi iyo ya gweru, n'kuwaveka tizipewa tolumikizana ndi dzino lapakati. Mano awiriwo amasanduka nsanamira, ndipo amasenza katundu wa mano atatu. Mlathowu amaumatiratu, suchotsedwa.

Njira yachitatu ndi imene mwana wa bambo aja akunena, yotchedwa implante. Dotolo amaboola fupa la nsagwada, n'kulowetsamo kachitsulo ka mazinga kooneka ngati kabawuti. Kachitsuloka kamakhala m'malo mwa muzu. Amadikira miyezi 3 mpaka 6 kuti fupa likagwire, kenaka amamangapo dzino pamwamba pake. Choncho implante ili ndi zigawo zitatu: muzu wachitsulo wa m'fupa, kolumikizira kapakati ndi kabawuti kake kakang'ono, ndi dzino limene limaoneka. Ntchito imeneyi imachitika m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu monga Maputo, Lilongwe, Blantyre ndi Johannesburg, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Chitsulo chogwirana ndi fupa

Mwina mukufunsa kuti, chitsulo chingakhale bwanji m'thupi osachita dzimbiri kapena kutukusira? Msomali wamba sungatheke. Chitsulo chake ndi chapadera, dzina lake titanium.

Mu 1952 dotolo wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu. Anaika kachipangizo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu. Atafuna kukachotsa anapeza kuti sikakutheka, fupa linali litamera n'kukagwira zolimba. Atafufuza kwa zaka zambiri, mu 1965 anaika mizu ya titanium m'kamwa mwa munthu woyamba, Gösta Larsson wa mumzinda wa Gothenburg. Bamboyu anakhala nayo mizuyo zaka zoposa 40 mpaka pamene anamwalira mu 2006. Njirayi inafalikira m'maiko ambiri pambuyo pa msonkhano wa madotolo umene unachitikira ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1982.

Chosangalatsa n'chakuti miyala imene amayengamo titanium imapezeka konkuno ku Mozambique. Ku Moma, m'chigawo cha Nampula, kampani ya Kenmare inayamba kukumba mchenga wa m'mphepete mwa nyanja mu 2007. Mumchengamo mumapezeka ilmenite ndi rutile, miyala yokhala ndi titanium, komanso zircon, mwala umene amapangira chipangizo china cha mano chimene tichitchule patsogolopa. Mchengawo umatumizidwa kunja, ndipo wambiri umathera ku mafakitale opanga penti, koma mtundu wa miyalayo ndi womwewo.

Katundu amapita kuti pa implante?

Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu. Muzu wa titanium ulibe nkhata. Fupa limaugwira mwachindunji, popanda timinyewa tija pakati. Dzino lachibadwa limatsika ngati kunenepa kwa tsitsi, koma implante imasuntha mochepa kwambiri, kuchepera apo kakhumi kapena kuposa. Mukaluma, katundu yense amadutsa m'dzino loikiriralo, m'kabawuti, m'muzu, mpaka kukafika pa fupa osapepukako. Komanso kumva kuja kumachepa. Munthu akhoza kuluma kamwala ndi mphamvu zonse asanazindikire.

Katunduyo sagawikana mofanana muzu wonse. Taganizirani chikhomo chimene mumamangirira mbuzi. Mbuzi ikamakoka chingwe tsiku ndi tsiku, dothi limayamba kumasuka pamwamba, pakhosi pa chikhomo, pamene kunsi kudakali kolimba. Pa implante ndi chimodzimodzi. Fupa la pamwamba, lozungulira khosi la muzuwo, ndi limene limalandira katundu wochuluka. Katundu woyenera amalimbitsa fupa monga mmene ntchito imalimbitsira mkono. Koma akapyola muyeso, makamaka ngati nkhama zili ndi matenda, fupa la pakhosipo likhoza kuyamba kutha, kabawuti kakhoza kumasuka kapena kuthyoka, ndipo dzino lenilenilo likhoza kubenthuka.

Tsono funso la akatswiri linali lakuti, popeza nkhata palibe, kodi chipangizo cha dzino lapamwambalo chingathandize kupepukitsa katundu?

Kuuma ndi kulimba si chinthu chimodzi

Tisanayankhe, tisiyanitse mawu awiri. Nsungwi imapindika koma sithyoka msanga. Kapu yadothi sipindika n'komwe, koma ikagwa imasweka. Kapu ndi youma kuposa nsungwi, koma nsungwi ndi yopirira kuposa kapu. Choncho tikati chipangizo ndi chouma tikutanthauza kuti sichilola kupindika, osati kuti sichingasweke.

Akatswiri amayeza kuuma ndi muyeso wotchedwa gigapascal. Dzinalo musavutike nalo, ingoonani manambala. Pulasitiki wa mano ali pa 2 mpaka 3. Fupa lolimba la kunja kwa nsagwada lili pafupifupi pa 14. Dothi la mano lili pafupi ndi 70, ndipo chikuto choyera cha dzino lachibadwa chili pafupi ndi 80. Titanium ili pa 110. Zirconia ili pafupifupi pa 200, ndipo chitsulo chosakaniza cha cobalt ndi chromium chimaposa apo pang'ono. Mukuona kuti pulasitiki ndi wofewa kuposa fupa, pamene zirconia ndi youma kuposa fupa koposa kakhumi.

Zipangizo zinayi ndi khalidwe lake

Pulasitiki wa mano, amene achipatala amati acrílico, anayamba kugwiritsidwa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Ndi wopepuka, wotsika mtengo, ndipo akathyoka amalumikizika mosavuta. Kuipa kwake n'kwakuti amaperepeseka. Pakapita zaka mano ake amafupika ndi kusalala ngati mphero yakale, amasintha mtundu, ndipo amamwa fungo. Akamapindika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku amayamba mng'alu, monga mmene waya amathyokera mukamaupinda uku ndi uku.

Dothi lowotcha pa chitsulo ndi njira yakale yodalirika. M'kati muli kachipewa kachitsulo, kunja amakuta ndi dothi loyera lofanana ndi la makapu, n'kuwotcha mu uvuni. Limaoneka ngati dzino lenileni ndipo siliperepeseka msanga. Koma dothilo likakumana ndi chinthu cholimba mwadzidzidzi limabenthuka, chitsulo chakuda n'kuonekera. Likakhala lokhakhala limapala dzino lachibadwa loyang'anizana nalo.

Zirconia ndi yatsopano poyerekeza ndi zinazi. Ndi yoyera, ilibe chitsulo chooneka, ndipo ndi yolimba kwambiri mwa zipangizo zonse za mtundu wa dothi. Sibenthuka wamba ikakhala yokhayokha popanda chokutira. Koma popeza silola kupindika, sikhululuka ngati dotolo sanayeze bwino kalumidwe kanu. Dzino la zirconia likatalika pang'ono kuposa anzake, katundu yense amagwera pa ilo, ndipo silidzaperepeseka lokha kuti lifanane ndi anzake. Ikathyoka, kawirikawiri pamafunika kupanga lina.

Chitsulo cha cobalt ndi chromium amachigwiritsa ntchito ngati mtanda wa m'kati. Chimalumikiza mizu ingapo ya implante, komanso ndi chimene amapangira mafelemu a placa zachitsulo. Chifukwa cha kuuma kwake, amatha kuchipanga chopyapyala koma osapindika.

Ndiye chabwino n'chiti, chofewa kapena chouma?

Mu 1983 katswiri wa zomangamanga wa ku America, Richard Skalak, amene ankagwira ntchito limodzi ndi Brånemark, anapereka ganizo lakuti mano a pulasitiki angagwire ntchito ya nkhata pa implante. Ganizoli ndi lomveka. Mukamenya chikhomo ndi hamala yachitsulo, kugunda kwake kumakhala kwaukali kuposa mukachimenya ndi chipika cha mtengo. Kwa zaka zambiri madotolo ankatsata ganizo limeneli.

Pambuyo pake akatswiri anayamba kuyesa nkhaniyi pa kompyuta. Amajambula nsagwada, muzu ndi dzino, n'kuzigawa m'tizidutswa zikwi zambiri, ndipo kompyuta imawerengera katundu amene akugwera pa kachidutswa kalikonse. Kenaka amasintha chipangizo cha dzino n'kuwerengeranso. Zimene anapeza tingazigawe patatu.

Choyamba, pa kugunda kwadzidzidzi, monga kuluma kamwala, chipangizo chofewa chimapepukitsadi kugundako. Apa Skalak ananena zoona.

Chachiwiri, pa kutafuna kwa masiku onse, kumene katundu amabwera pang'onopang'ono, kusintha chipangizo cha dzino limodzi sikusintha kwenikweni katundu wofika pa fupa. Thumba la makilogalamu 50 limakhalabe la makilogalamu 50, kaya mwaliika pa mphasa kaya pa thabwa. Chimene chimasintha ndi malo amene angayambe kuonongeka. Dzino la pulasitiki limaperepeseka kapena kung'aluka lokha. Dzino louma limapirira, koma limapatsira katunduyo ku kabawuti ka pansi pake.

Chachitatu, pamene mano ambiri akhala pa mizu ingapo, mtanda wouma umathandiza. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Taonani chigafa cha fodya. Ngati mtanda wake ndi wa mtengo wokhwima, kulemera kwa fodya kumagawikana pa nsanamira zonse. Ngati mtandawo ndi wanthete, umapindika, ndipo nsanamira imene ili pafupi ndi katundu imasenza yokha. M'kamwa ndi momwemonso. Mtanda wachitsulo kapena wa zirconia umagawira katundu mizu yonse, pamene wofewa umaunjika katundu pa muzu umodzi ndi kabawuti kake. N'chifukwa chake madotolo ambiri amaphatikiza ziwirizi: mtanda wouma m'kati, mano ofewerapo pamwamba.

Choncho palibe chipangizo chimodzi choposa zonse. Dzino lakutsogolo limafuna kukongola, la chibwano limafuna kupirira. Wina akakuuzani kuti chodula kwambiri ndicho chabwino kwa aliyense, mufunseni chifukwa chake.

Zinthu zimene zimaposa chipangizo

Pali zinthu zina zimene zimaononga implante kuposa kusankha kwa chipangizo, ndipo zambiri zili m'manja mwanu.

Katundu wa m'mbali ndi woopsa kuposa wochokera pamwamba. Nsichi imasenza denga zaka zambiri, koma ng'ombe ikamaikhula m'mbali imagwedera. Kusenda nzimbe ndi mano, kutsegula botolo, kukoka nyama youma ndi kudula ulusi, zonsezi ndi katundu wa m'mbali.

Dzino lolendewera kumapeto popanda muzu pansi pake lili ngati khonde lopanda nsanamira. Likatalika, muzu womaliza umavutika kwambiri.

Kukukuta mano kutulo kumapereka katundu wamkulu kwa nthawi yaitali usiku uliwonse. Ngati akunyumba amakuuzani kuti mumakukuta mano, muuzeni dotolo asanayambe ntchito. Pali kachotchinga kapulasitiki kovala pogona.

Fodya, kaya wosuta kaya wa chingambwe woika m'kamwa, amachedwetsa kupola ndipo amawonjezera mpata woti implante ikanike. Ife a kuno fodya timalima, ndipo ambiri timasutanso, choncho mfundoyi tiimvetse. Matenda a shuga osasamalidwa nawonso amalepheretsa fupa kugwira bwino.

Litsiro ndiye mdani wamkulu. Titanium sibooka ngati dzino, koma nkhama ndi fupa zozungulira zimadwala ngati simutsuka. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, fupa limatha mwakachetechete, kenaka muzu umagwedera. Ikasamalidwa bwino, implante imakhalitsa. Mwa 100 zilizonse, zoposa 90 zimakhala zikugwirabe ntchito pakatha zaka 10. Ana saikidwa implante mpaka nsagwada itasiya kukula, ndiye kuti atapitirira zaka 18.

Nanga ife a placa?

Tikudziwa kuti ambiri mwa inu implante simudzaiona n'komwe. Koma phunziro lake likukhudza placa imene muli nayo kapena mukufuna kupangitsa.

Placa ya pulasitiki yokhayokha imatsamira pa nkhama. Nkhama sizinalengedwe kuti zisenze katundu wa kutafuna, choncho munthu wovala placa pakamwa ponse amaluma ndi mphamvu yochepa kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu ya mano achibadwa. Musaipatse ntchito ya chimanga chokazinga kapena mafupa. Placa ya felemu yachitsulo ndi yodulirapo, koma ili ndi timiyendo totsamira pa mano otsala. Potero katundu wina amapita ku mano okhala ndi nkhata, m'malo mopsinja nkhama zokha. Ndi yopyapyala ndiponso sithyoka wamba. Koma imafuna kuti mano otsalawo akhale olimba ndi osamalidwa.

Kwa mayi a ku Chidzolomondo aja, yankho ndi ili. Mwina simunaberedwe. Ngati placa inapangidwa mano atangozulidwa kumene, fupa linapitiriza kufota m'miyezi yotsatira. Pansi pa placa panatsala mpata, ndiye poluma inkapindika pakati ngati thabwa loyalidwa pa dzenje, mpaka inang'aluka. Mankhwala ake ndi kubwerera kwa amene anaipanga kuti akailumikize ndi kuidzaza pansi kuti ikhalenso bwino pa nkhama. Mukangoilumikiza osadzaza mpatawo, idzathyokanso pomwepo.

Kasamalidwe ka placa ndi aka. Ichotseni pogona, muiike m'kapu ya madzi ozizira. Madzi otentha amaipotokola. Itsukeni ndi mswachi wofewa ndi sopo, osati ndi phulusa kapena mchenga, chifukwa zimenezi zimaikanda ndipo tizilombo timabisala m'mikandamo. Potsuka ikani beseni la madzi pansi kuti ikapulumuka isasweke. Tafunani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo chakudya cholimba muzichidula ndi mpeni. Ikamagwedera kapena ikamakupwetekani, pitani nayo kuchipatala, musaipale nokha ndi mpeni.

Chenjerani ndi mano a pamsika

M'misika ina ya m'malire muno mumafika anthu oika mano pompopompo. Amasakaniza ufa ndi madzi onunkha, n'kumata dzino pa gweru, kuligwiriza ku mano a m'mbali. Malume anga anachita zimenezi zaka zingapo zapitazo, ndipo tsiku limenelo anabwera kunyumba akumwetulira. Koma dzinolo silinkachotseka, ndiye zakudya zinkatsalira pansi pake. Posapita nthawi m'kamwa munayamba kununkha, nkhama zinatupa, ndipo mano awiri amene ankagwira dzinolo anayamba kugwedera. Atapita kuchipatala anawazula onse awiri. Gweru la dzino limodzi linasanduka la mano atatu.

Zipangizo za anthu otere siziphikidwa pofuna kupha tizilombo, choncho zikhoza kufalitsa matenda oyenda m'magazi monga a chiwindi ndi HIV. Musamate placa ndi guluu wa nsapato kapena wa m'timachubu. Komanso kaplaca kakang'ono ka dzino limodzi kapena awiri musagone nako. Kakhoza kumezeka n'kukakamira pakhosi, ndipo pulasitiki saoneka bwino pa makina ojambulira m'thupi.

Chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chatha masabata 2 kapena 3 osapola, kachionetseni kuchipatala ngakhale chisakupweteka. Nthawi zambiri chimakhala cha placa yokhula, koma nthawi zina ndi chiyambi cha khansa.

Mafunso oti mufunse musanalipire

Safunsa anadya phula. Ndalama ndi zanu, m'kamwa ndi mwanu, choncho musachite manyazi. Funsani kuti:

1. Kodi mano amenewa mupangira chiyani, ndipo mwasankha chimenecho chifukwa chiyani?
2. Kodi nkhama zanga ndi mano otsala zili bwino moti zingasenze katunduyu?
3. Kodi ndidzabwera maulendo angati, ndipo mtengo mwanenawu ukuphatikiza zonse?
4. Akathyoka kapena kabawuti kakamasuka, ndidzakonzetsa kuti?
5. Ndi zakudya ziti zimene ndiyenera kupewa?

Funso lachinayilo ndi lofunika kwambiri kwa ife a kumudzi. Mizu ya implante imapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo kampani iliyonse ili ndi timabawuti ndi zomasulira zakezake. Ngati mwaikitsa ku Johannesburg, kabawuti n'kumasuka muli ku Furancungo, mudzayenda ulendo wautali kufuna wokonza. Pemphani kuti akulembereni papepala dzina la kampani ndi kukula kwa muzuwo, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Kwa bambo a ku Ntengo-wa-Mbalame, malangizo athu ndi akuti muyambe mwakapimitsa, ndipo mukambirane ndi mwana wanu za ndalama za maulendo ndi zokonzetsera, osati za tsiku loika lokha. Placa yopangidwa bwino imene mungathe kukonzetsa pafupi ikhoza kukutumikirani kuposa implante imene palibe woiyang'anira.

Poyambira ndi pa chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi. Funsani za gawo la estomatologia, ndilo loona za mano ndi m'kamwa. Ngati ntchitoyo sangaithe, adzakutumizani ku chipatala chachikulu monga cha ku Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete. Madotolo a mano ndi ochepa m'maiko athu onse awiri, komabe akuphunzitsidwa. Kuno ku Mozambique amaphunzira ku ISCTEM ku Maputo ndi ku Universidade Lúrio ku Nampula. Ku Malawi maphunziro a udotolo wa mano anayamba mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, pa sukulu imene tsopano ikutchedwa Kamuzu University of Health Sciences.

Dzino likaguluka pangozi

Popeza ngozi za njinga zamoto zachuluka m'misewu yathu, dziwani ichi. Dzino la munthu wamkulu likaguluka lathunthu ndi muzu wake, likhoza kubwezeredwa n'kugwiranso. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera, koma musalikweche, chifukwa timinyewa ta nkhata tija tili pamuzupo ndipo tidakali ndi moyo. Libwezereni pamalo pake n'kuluma kansalu koyera. Ngati simungathe, liikeni mu mkaka, n'kuthamangira kuchipatala ola limodzi lisanathe. Musalikulunge m'pepala kuti liume. Mano a mkaka a ana aang'ono okha sabwezeredwa.

Pomaliza, kumbukirani kuti akatswiri onsewa, ndi titanium yawo, zirconia ndi makompyuta, sanathebe kupanga nkhata yonga imene munabadwa nayo. Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Ngati mswachi wa kusitolo palibe, wa mtengo umathandizanso. Chepetsani shuga mu tiyi, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera, makamaka kwa ana. Dzino likayamba kubooka pitani msanga, chifukwa likhoza kumatidwa lisanafike pozulidwa. Botolo tsegulani ndi chotsegulira, ndipo pa njinga yamoto valani chipewa chotchinga mpaka kuchibwano.

Ngati muli ndi funso lina, lembani kalata n'kuisiya ku ofesi ya wailesi kapena kwa mtsogoleri wa gulu la omvera m'mudzi mwanu. Mukatha kuwerenga, patsirani mnzanu.